Musasasule denga la buloko ya Ajoni

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi chifuwa chija chinakuvutani m'miyezi yozizira chinaleka? Nanga amayi mwendo uli bwanji? Mchemwali wanga Enelesi wandiuza kuti akupitabe kudimba m'mawa uliwonse ngakhale kuchipatala ku Nzama anawauza kuti apumule. Muwauze kuti ndamva, ndipo sindinakondwe nazo. Ine kuno kumpoto ndili bwino, kupatula chimfine cha fumbi chomwe chagwira pafupifupi aliyense pa boma pano.

Kalatayi ndapatsira a Maynard, oyendetsa lole ija imabweretsa katundu kuno kuchokera pa Lizulu. Mudabwa kuti bwanji osangoimba foni. Chifukwa china mukuchidziwa, makutu anu anatsala kumgodi ku Joni, ndipo pa foni timangokuwa mpaka ndalama n'kutha tisanamvane. Chifukwa chinacho ndi changa. Mukandiyankha ndi liwu limodzi lokha, ine ndimangoti chabwino bambo, zomwe ndimafuna kunenazo n'kubwerera nazo m'mimba. Papepala ndimatha kufika kumapeto kwa nkhani.

Thumba la kachewere munatumiza lija linafika bwino. Ndinagawirako mayi eni nyumba, ndipo iwo akuti ngati ku Ntcheu kumabereka chonchi, sakumvetsa chomwe ndinabwerera kuno. Ndinangoseka.

Kuntchito zinthu zili pang'onopang'ono. Monga mukudziwa, ndili mu ofesi yoona mapulani a zomangamanga m'boma lino, koma chaka chino tikulemba kwambiri kuposa kumanga. Galimoto ya ofesi ili pamiyala kuyambira nthawi yokolola chifukwa matayala anatha. Nkhuku ya alonda yaikira mazira pansi pake ndipo yaswa, anapiye akula, galimoto ikadali pomwepo. Tikafuna kukaona ntchito kumudzi timapempha malo m'galimoto za mabungwe, ngati ana opempha kukwera ngolo. Malipiro akubwera, ngakhale mochedwerapo, choncho musade nkhawa za ine.

Tsopano nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi.

Enelesi anandiimbira Lamulungu lapitali. Akuti kusukulu kwathu kunabwera anthu ochokera ku khonsolo ndi tepi yoyezera, n'kukhoma zikhomo kuzungulira buloko yakale ija timati ya Ajoni poti munaimanga inu amene munabwerako ku Joni. Akuti ananena kuti sukulu yathu ili m'bajeti ya chaka chino, buloko yatsopano imangidwa, ndipo poti malo athyathyathya paphiri paja ndi okhawo, yatsopanoyo ikhala pomwe pali yakaleyo. Gawo la mudzi ndi kututa mchenga ndi miyala ndi kukonza malo kontilakitala asanafike. Akuti komiti ya sukulu, inu muli pampando, yagwirizana kuti Loweruka lotsatira tsiku la anakubala amuna onse abwere ndi nyundo ndi makwerero kudzasasula denga, kenako kugwetsa zipupa.

Wandiuzanso kuti malata akalewo mwawapezera kale ntchito. Apita panyumba ya aphunzitsi ija amayi a m'mudzi anaumbira njerwa chaka chatha, kuti a Pauline, mphunzitsi wa sitandade wani, asiye kupalasa njinga kuchokera pa Lizulu tsiku ndi tsiku. Akuti iwo anena poyera kuti akapanda kupeza nyumba pafupi mvula isanayambe apempha kusamutsidwa. Ndaona kuti munaganiza mofatsa, ndipo palibe chomwe mwafuna kutaya, ngakhale msomali. Ndi mmene mumachitira zinthu zanu zonse.

Koma pali mawu amodzi omwe Enelesi ananena akuseka, ine osaseka. Akuti pamsonkhano wina atafunsa ngati ndalamazo zibweredi, inu munayankha kuti mwana wanu ali m'boma, sangalole sukulu ya kwawo kuchita manyazi. Ndipo akuti anzanu a Silvester anati zoona, ife ana athu amanyamula matumba pa Lizulu, koma a Ngozo mwana wawo amanyamula bajeti. Anthu anaseka, nkhani n'kutha pomwepo.

Bambo, ine sindinyamula bajeti. Dzina la sukulu yathu sindinalilembetse ndine, ndipo ndilibe mphamvu yotulutsa ngakhale thumba limodzi la simenti kupita ku Ntcheu. Ntchito yanga ndi ya boma lino la kuno lokha, ndipo ngakhale kunoko ndine munthu wolemba zomwe akuluakulu agwirizana. Chomwe ndili nacho ndi maso basi. Ndakhala pa desiki iyi zaka zokwanira kuona mmene ndalama za boma zimayendera chaka chikavuta, ndiye ndiloleni ndikufotokozereni monga ndikuonera.

Aphungu akavomereza bajeti ku Nyumba ya Malamulo, sikuti ndalamazo zili kale m'bokosi penapake kudikira kutumizidwa. Chomwe avomereza ndi chilolezo chakuti ndalama zikapezeka zigwire ntchito yakutiyakuti. Ndalama zenizenizo zimatoleredwa mwezi ndi mwezi kuchokera kumisonkho, ndipo kulikulu amagawa zomwe zatoleredwazo. Zikachepa, amayamba ndi zomwe sizingadikire: malipiro a aphunzitsi ndi anamwino, mankhwala, ngongole za dziko. Zomangamanga zimakhala kumapeto kwa mzere, chifukwa chipupa chosamangidwa sichidandaula. Pakati pa chaka amakhalanso pansi kuunika bajetiyo, ndipo m'zaka zovuta ntchito zambiri zomanga zimasunthidwira chaka chamawa. Dzina la sukulu limakhalabe m'buku, ndipo amene anakuuzani kuti lilimo sananame. Kungoti buku silifolera nyumba.

Palinso china. Mitengo ya simenti ndi malata ikukwera mofulumira kuposa mapepala athu. Ndalama yomwe inkakwana buloko yonse pamene ankalemba bajeti, ikamadzatuluka imakwana maziko ndi zipupa mpaka pawindo. Kuno ndili ndi zipupa zotero zingapo zomwe ndimazidziwa ngati abale anga. Zina mwamera mitengo m'kati.

Ndikuuzeni za a Chirambo. Iwowa ndi mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya kumapiri kuno, munthu wamtali woseka ndi mano onse. Chaka chatha sukulu yawo inali m'bajeti, zikhomo zinakhomedwa, ndipo makolo anagwetsa buloko yakale mwa tsiku limodzi, akuimba. Ndinaliko tsikulo, ndinajambula zithunzi, ndipo mu lipoti langa ndinalemba kuti anthu a kumeneko ndi achangu pa chitukuko. Kontilakitala anabwera, anakumba maziko, anadikira ndalama yoyamba, ndipo itachedwa ananyamula mawilibala ake n'kupita kukagwira ntchito ya munthu wina m'tauni. Sindimuda, nayenso ali ndi antchito ofuna kudya.

Ana anayamba kuphunzirira m'tchalitchi. Koma tchalitchi chili ndi eni ake, Lachinayi amayi amvano, tsiku lina kwaya, tsiku lina mwambo wa maliro. Anasamukira pansi pa mtengo. Mvula itayamba, mtambo ukangoda aphunzitsi ankaimba belu kuti ana athamange kwawo mitsinje isanadzaze. A Chirambo akuti m'mwezi wa Febuluwale ana a sitandade wani anaphunzira masiku owerengeka, ndipo ambiri mwa ang'onoang'onowo makolo anangowasunga kunyumba. Ena sanabwererenso mpaka lero.

Mwezi uliwonse a Chirambo amatsika paphiri pa njinga yamoto ya hayala kudzafunsa ku ofesi kwathu, ndipo amene amawayankha ndine. Akalowa amavula chipewa n'kunena kuti abwera kudzaona ngati mwana wawo wabadwa. Ine ndimati sanabadwe, mwina mwezi wamawa. Iwo amati mimba imeneyi ndi ya njovu. Ulendo wapitawu anandiuza kuti ndisamawamvere chisoni, chifukwa kalasi yawo ndi imene ili ndi denga lalitali kuposa onse m'boma lino, anafolera ndi Mulungu mwini, vuto lake n'lakuti limadontha. Tinaseka tonse mu ofesi. Ndiye Enelesi atatchula nyundo ndi makwerero, ndinaona nkhope ya a Chirambo, koma atavala chipewa chanu.

Ndiyenera kunena zoona zonse, chifukwa mwina ndikulakwitsa. Za khonsolo ya kwathu sindikuzidziwa m'kati mwake. Mwina iwo anasunga ndalama ya buloko imeneyi padera. Mwina pali bungwe lomwe laikapo dzanja. Zimachitika ndithu kuti sukulu ina imamangidwa chaka chomwecho, bwinobwino, anthu n'kudabwa. Ndipo n'zoona kuti kontilakitala akafika n'kupeza malo osakonza amatha kudandaula, mwinanso kuyamba ndi sukulu ina. Zikatero anthu adzati mwana wa a Ngozo ndi maphunziro ake watichedwetsera chitukuko. Ndaganiza zimenezi sabata yonse. Ndinayamba kalatayi kawiri n'kuing'amba, poganiza kuti ndine yani ine kuti ndiletse akuluakulu a mudzi omwe anamanga sukuluyo ine ndisanabadwe.

Chomwe chandilimbitsa mtima ndi kuyeza zolakwa ziwirizi. Ndikalakwa ine, buloko yatsopano ichedwa masabata angapo, ndipo manyazi adzakhala anga. Ikalakwa komiti, ana a sitandade wani ndi thuu akhala panja dzinja lonse, mwina madzinja awiri, pamalo pomwe mphepo ya m'mawa imalowa mpaka m'mafupa. Sibongile wa Enelesi ali m'gulu limenelo, wangoyamba kumene kugwira pensulo. Ndipo denga lija likatsika silingakwerenso. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti mitanda yake inafumbwa, ikungogwirana chifukwa palibe waigwedeza. Mukazula misomali, mitengoyo siilandiranso ina.

Bambo, mukukumbuka chaka chija mavenda anabwera kumunda n'kukuuzani kuti kumbani kachewere yense, lole ikubwera mawa, mtengo tagwirizana? A Silvester anakumba, anathira m'matumba, n'kuunjika m'mbali mwa msewu. Inu munakana. Munati kachewere ali m'nthaka ndi wanu, ali m'thumba ndi wa venda, ndipo simukumba mpaka mutamva kulira kwa injini ndi kuona matayala. Anthu anakusekani kuti a Ngozo ndi ouma mutu. Lole ija inabwera patapita sabata ndi theka, ndipo wa a Silvester theka anali atayamba kununkha. Kuyambira pamenepo sindinakuoneni mukukumba chifukwa cha lonjezo.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Denga la buloko ya Ajoni mulitenge ngati kachewere wanu. Musalisasule chifukwa cha zikhomo, kapena chifukwa cha buku, kapena chifukwa cha ine. Mchenga tutani, miyala tutani, muunjike pambali kuti aliyense wobwera aone kuti mudzi wachita gawo lake. Koma nyundo zidikire mpaka tsiku lomwe lole idzaime pabwalo la sukulu n'kutsitsa simenti, zitsulo ndi malata atsopano, inu mukuona ndi maso anu, mutawakhudza ndi dzanja. Ndikunena malata makamaka, osati simenti yokha. Tsiku limenelo amuna a kwathu akhoza kugwetsa buloko ija dzuwa lisanapendeke, kontilakitala sangataye kanthu. Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ngati a ku khonsolo angakakamire kuti malo akonzedwe kaye, muwafunse mwaulemu funso limodzi: kodi ndalama ya buloko imeneyi yafika kale ku khonsolo, kapena yangovomerezedwa? Afunseni pamaso pa komiti yonse. Munthu woona mtima akuyankhani zoona, chifukwa nafenso m'maofesimu sitikondwa kunamiza anthu, kungoti kawirikawiri palibe amatifunsa funso limenelo. Akayankha kuti ikubwera, mudziwe kuti sinafike.

Ndikudziwa kuti ndakusiyirani vuto la a Pauline, chifukwa malata mwawalonjeza aja ndi omwewa ndikuti musawatsitse. Buloko yokhala ndi denga koma yopanda mphunzitsi nayonso ndi chipupa chabe. Ndiye ndaganiza chonchi. Kanyumba kanga kaja munandimangira kuseri kwa khola nditamaliza ku yunivesite kali ndi malata abwino, chitseko cholimba, ndipo kuchokera pamenepo kufika kusukulu ndi mtunda woti munthu amamva belu. Panopa mukusungiramo mbewu ya kachewere ndi makasu. Muwapatse a Pauline akhalemo, osalipira kanthu, mpaka nyumba ya aphunzitsi idzafoleredwe. Mbewuyo mchimwene wanga Gracian akhoza kuisamutsira m'chipinda chake, malo alipo, asakuuzeni zambiri.

Ndikudziwa chomwe kanyumba kaja kali kwa inu. Munakamanga kuti ndikhale ndi pofikira, ndipo amayi amati mumakasesa nokha Khirisimasi ikayandikira, ngakhale zaka zina sindibwera. Sindikukana kwathu, bambo. Koma zoona zake n'zakuti ntchito yandisunga kuno, ndipo sindikuona kuti ndibwerera posachedwa. Kanyumbako kakhala kakudikira ine monga a Chirambo akudikira buloko yawo. Bola kadikire muli munthu, utsi ukutuluka. Ndikabwera pa tchuthi ndidzagona ndi Sibongile pamphasa, iye amakonda zimenezo.

Chatsala ndi cha pamsonkhano, ndipo ndikudziwa kuti ndi chimene chikulemereni koposa. Munalankhula pamaso pa anthu, tsiku linaikidwa, ndipo mwamuna wa msinkhu wanu sakonda kubweza mawu. Musawabweze nokha. Munawauza kuti mwana wanu ali m'boma, ndiye muwauze kuti mwana yemweyo walemba kuti tidikire lole. Ngati mukufuna, Gracian awerenge kalatayi pamsonkhano, kupatula za kanyumba ndi za mwendo wa amayi. A Silvester akafuna kuseka, aseke ine. Muwauze kuti wonyamula bajeti uja wati thumbalo ndi lopepuka chaka chino, ndipo muwakumbutse za kachewere wawo, koma mokoma, chifukwa ndi munthu wabwino ndipo ndi amene amafika woyamba pa ntchito iliyonse ya sukulu. Zikadzapezeka kuti ndalakwitsa, ndidzabwera ndekha kudzapepesa pamaso pa komiti. Ndimaopa kulankhula pagulu, mukudziwa, koma ndidzaima.

Sindikuti buloko ija ndi yabwino. Ndinaphunziramo, ndikuidziwa. Pansi pake ndi maenje, mawindo alibe magalasi, ndipo pakona ya kumadzulo pamadontha kuyambira kale, moti tinkasuntha benchi mvula ikayamba. Ana a lero ayenera kupeza yoposa imeneyo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake inu, amene munaimanga ndi anzanu mutabwerako ku mgodi, ndinu woyamba kufuna kuigwetsa. Amayi amati munagula malata ake musanagule a nyumba yathu, ndipo anakhala osakulankhulani mpaka chimanga chinacha. Munthu wotero sangaumirire chinthu chakale chifukwa choti ndi chake. Inenso sindikuumirira chakale. Ndikungoti chatsopanocho chiyambe chafika.

Pali chinthu china chomwe ndakhala ndikuchikumbukira masiku ano. Ndili sitandade thuu, mvula yamphamvu inagwa tili m'kalasi, ndipo phokoso la padenga linali lalikulu moti aphunzitsi anasiya kuphunzitsa, tonse tinangokhala chete. Inu munabwera kudzanditenga ndi thumba la feteleza pamutu, koma m'malo mondiitana munalowa n'kukhala pabenchi yakumbuyo. Pobwerera ndinakufunsani chifukwa chake. Munati kuchokera pamene makina a pansi pa nthaka anakuphani makutu, mbalame simuzimva, belu la tchalitchi mumalimva ngati lili kutsidya kwa phiri, koma mvula pa malata aja mumaimva yonse bwinobwino. Sindinaiwale. Kuno mvula ikagwa padenga la ofesi ndimasiya kulemba.

Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo muwauze kuti mafuta opaka mwendo ali m'kathumba kakuda komwe a Maynard akupatseni pamodzi ndi kalatayi. Moni kwa achemwali anga Enelesi ndi alamu anga, kwa Gracian ndi mkazi wake, kwa azakhali a ku Kasinje mukawaona, ndi kwa a Silvester ndi banja lawo lonse. A Pauline sindinawaonepo, koma muwapatse moni ndi kiyi. Sibongile mumuuze kuti ndikufuna adzandilembere dzina lake yekha ndikabwera, zilembo zonse, osadumpha.

Yankho musavutike nalo msanga. Loweruka lija likadutsa, Enelesi adzandiuza ngati makwerero anatuluka kapena ayi. Koma mvula yoyamba ikadzagwa ana ali m'kalasi, ndikupempha mupite kusukulu, mukakhale pabenchi yakumbuyo ija, kenako mundilembere zomwe mwamva.

Zikomo Ngozo. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu,
Tisungane